Sabata yolemba pulopozo yoteteza mitengo ya kumanda ku Nkhotakota

Sabata ino tinali ndi komiti ya zachilengedwe ya mudzi wina wa kumtunda, kufupi ndi mpanda wa nkhalango ya Nkhotakota. Akupempha ndalama zotetezera mitengo ya kumanda ndi kubzala ina m'mbali mwa kamtsinje kothira mu Bua. Kumanda ndi kumene kwatsala mbawa ndi mikuyu ikuluikulu, kwina konse nkhwangwa inadutsa. Nchifukwa chake pempho lotere limamveka kwa opereka ndalama za chikhalidwe komanso kwa a zachilengedwe, monga thumba la GEF Small Grants loyendetsedwa ndi UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko.

Lolemba linathera m'mapepala: malamulo a gulu, maminitsi a msonkhano, kalata ya ADC (komiti ya chitukuko ya m'dera) ndi ya ofesi ya za nkhalango. Akaunti ya gulu tinaipeza yogona chifukwa chokhalitsa osaigwiritsa ntchito, ndipo kuti idzuke osayinira onse atatu ayenera kukaonekera kubanki ndi ziphaso zawo.

Lachiwiri tinakhala pansi ndi a mfumu ndi madoda. Opereka ndalama amafuna mapu a GPS ndi zithunzi, koma m'kati mwa mandawo muli dambwe, ndipo wosameta salowako. A mfumu anafunsa molunjika: "Kodi zithunzizo zikathera m'manja mwa yani?" Tinagwirizana kuti oyeza malire akhale anyamata olowa gule, azungulire kunja kokha, ndipo chojambulidwa chikhale njira yotchinga moto ndi nazale basi. Izi zilembedwe mu pulopozo momwemo. Mukazisiya, woyendera ntchito wa opereka ndalama adzatulukira ndi kamera, mudzi nkukana, gawo lachiwiri la ndalama nkuima.

Mutu unatentha Lachitatu ndi Lachinayi, pogwirizanitsa bajeti ndi nyengo. Apa mpomwe magulu ambiri amagwera, ndipo zimandiwawa chifukwa salakwa ndi ulesi. Mtengo sudikira siginecha. Nazale iyambe mu Ogasiti kapena Seputembala kuti mbande ziokeredwe mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Ndalama zikafika mu Novembala, mbande zimalowa m'munda mvula ikutsanzika, Okutobala wotsatira nkuzipeza zitauma. Choncho tinalemba ntchito ya miyezi 18, osati 12, kuti ndalama zikachedwa gulu liyambe ndi kulambula njira zotchinga moto mu Meyi ndi Juni, nazale idikire nthawi yake.

Pofuna mitengo 5,000 yamoyo tinaika mu bajeti machubu 6,000 ofeseramo njere, poti ina simera, ina chiswe chimadya. Dothi lake ndi mawilibala awiri a dothi la pamwamba, imodzi ya mchenga, imodzi ya manyowa owolerana. Njere za msangu zimafuna kuzitema pang'ono khungu kuti zimwe madzi. Za mbawa sizisungika, zifesedwe zikangotoledwa. Machubu azisunthidwa pakatha masabata awiri kuti mizu isaloze pansi. Makheni othirira, makasu ndi shefulo tinaziika m'gawo loyamba la ndalama.

Mitengo ya katundu nayo sikhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo bajeti zolembedwa kale zinaperewera. Tinalemba tsiku pa koteshoni iliyonse (pepala la wogulitsa losonyeza mtengo wa katundu) ndi kupatula kandalama ka zogwa mwadzidzidzi, molingana ndi malire a operekawo.

Lachisanu tinaphunzitsa msungichuma. Chogula chachikulu chikhale ndi makoteshoni atatu. Lisiti ya makina ijambulidwe tsiku lomwelo, chifukwa inki yake imafufutika ndi kutentha kwa kuno kunyanja. Wogulitsa nsungwi kapena wakabaza, amene alibe lisiti, asayine kapena kudinda chala pa vocha. Msungichumayo, mayi wachikulire, anatulutsa kope la sukulu lokutidwa ndi pepala la shuga, m'mene analemba kale zopereka za maliro za zaka zitatu, tambala ndi tambala. Tinangomuwonjezera mizere iwiri: nambala ya vocha ndi mzere wa bajeti.

Pulopozo ichoka Lolemba, kalata ya ADC ikadindidwa.