Zaka 10 za Sitolo Yathu, ndi Khirisimasi Imene Tinatsala Pang'ono Kutseka

Novembala uno sitolo yathu ya kuno ku South Bend, Indiana, yakwanitsa zaka 10. Tinatsegula mu 2014 ndi mashelefu atatu, firiji imodzi yogula kwa munthu amene ankasamuka, ndi matumba a ufa amene bambo a kunyumba ankakatenga okha ku Chicago pa kagalimoto kathu kokalamba. Mpamba unachokera ku chipeleganyu cha amayi asanu ndi mmodzi amene tinkagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba. Banki ina ya mtauni muno inatizunguza milungu itatu ndi mapepala, pomaliza n'kutiuza kuti ufa ndi usipa si bizinesi. Chaka chatha anthu omwewo anatilembera kalata yotinyengerera kuti tikatenge ngongole. Kalatayo ndinakulungira matemba.

Zodzuka m'bandakucha ndi kukolopa sindinena, aliyense wa sitolo akuzidziwa. Imene ndikufuna kukamba ndi nkhani ya Disembala wa 2015, chifukwa makasitomala athu atsopano amaimva m'zidutswazidutswa, ndipo ndi bwino aimve kwa mwiniwake.

Inu amene muli kumudzi mudabwa kumva kuti moni ungasanduke mlandu. Kuno ku America ndi mkangano wakale. Masitolo ambiri akuluakulu amalemba "Happy Holidays" m'malo mwa "Merry Christmas", poti nyengo yomweyi Ayuda amakhala ndi Hanukkah, ena amachita Kwanzaa, chikondwerero cha anthu akuda a ku America, kuyambira pa 26 Disembala mpaka pa 1 Januwale, ndipo ena sapita kutchalitchi kulikonse koma ndalama zawo n'zofanana ndi za wina aliyense. Akhristu ena amati kumeneko n'kumuchotsa Yesu pa tsiku lake lomwe. Mu 2005 bungwe la American Family Association la ku Tupelo, Mississippi, linauza anthu kuti anyanyale kugula ku masitolo a Target chifukwa chosatchula Khirisimasi m'zotsatsa malonda. Chaka chomwecho bungwe la Akatolika la Catholic League linalimbana ndi masitolo a Walmart, ndipo mu 2006 Walmart inalengeza kuti ikubwezeretsa "Merry Christmas". Mu 2007 sitolo ya Lowe's inapepesa chifukwa m'kabuku kake ka malonda mitengo ya Khirisimasi inalembedwa kuti "family trees". Muulutsi Bill O'Reilly pa wailesi ya kanema ya Fox News ankaitcha nkhondo yolimbana ndi Khirisimasi. Ine zonsezi ndinadzazidziwa moto utafika kale pakhonde.

Mu Novembala 2015 kampani yogulitsa khofi ya Starbucks inatulutsa makapu ofiira opanda zokongoletsa za Khirisimasi. Mlaliki wina anajambula kanema pa Facebook wodandaula, anthu mamiliyoni n'kumuonera, ndipo Donald Trump, amene nthawi imeneyo ankachita kampeni, ananena pamsonkhano ku Springfield, Illinois, kuti mwina anthu aleke kugula ku Starbucks. Chodabwitsa n'chakuti makapu a zaka zam'mbuyo analibenso Yesu, munali timitengo ndi tizokongoletsa basi. Koma mitima inali itatentha kale, ndipo kanemayo anayenda m'magulu athu a WhatsApp ngati moto wa lupsa.

Sabata yomweyo ndi imene ndinatuma mwana wathu woyamba, ali ndi zaka 15, kuti akasindikizitse chinsalu chopachika pakhomo pa sitolo. Mwana wokulira kuno, iye anasankha mawu amene amawaona paliponse. Chinabwera chofiira, chachikulu, cholembedwa "Happy Holidays", pansi pake mitengo ya mpunga ndi mbuzi. Ndinachiona, n'kuyamikira kuti chakongola, n'kuchipachika. Zinathera pomwepo, kapena ndinkayesa choncho.

Patapita masiku anayi mnzanga ananditumizira uthenga wa mawu umene unkazungulira pagulu la amayi. Munali mawu a munthu amene ndinkakhala naye benchi imodzi Lamulungu lililonse. Ankati ndagulitsa Yesu chifukwa cha madola, kuti sitolo yanga ndi ya Asilamu tsopano, umboni wake ndi chinsalucho komanso nyama yochinja imene timagulitsa. Anatsiriza n'kuti Mkhristu weniweni asapondemo. Kandimverere anakanena za m'maluwa: pofika Loweruka nkhani inali itakula kuti ndinaletsa antchito kutchula dzina la Yesu m'sitolo. Antchito ake ati? Tinalipo ine, bambo ndi mwana.

Apa ndivomere kulakwa kwanga. Ndinayankha pagulupo ndili wokwiya, usiku, ndipo ndinatchula za ngongole za anthu ena zimene zinali m'kope langa. Sindinayenera kutero. Amene anali chete anakhumudwa nane, ndipo kunyanyala kumene kukanatha m'sabata imodzi kunafika mpaka Malichi.

Amene sanachitepo malonda sangamvetse kuti Disembala ndi chiyani kwa sitolo ngati yathu. Ndi mwezi umene umalipira lendi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene chipale chochokera ku Lake Michigan chimatsekera anthu m'nyumba. Tinali titaitanitsa mbuzi 14 kwa mlimi wa mpingo wa chi Amish wa kufupi ndi Shipshewana, zonse zili ndi eniake. Maoda asanu ndi anayi anabwezedwa m'masiku atatu. Mpunga unangounjikana. Ndiye pali bwana wina wa ku Chicago amene tinkapikulako katundu, amene chaka chonse ankanditcha mlongo wake. Atamva mphekesera kuti zinthu zativuta anati kuyambira tsiku limenelo akufuna ndalama pamanja katundu asanakwere galimoto. Lero amaimba foni kufunsa chifukwa chake sitikuodanso kwa iye. Akawerenga pano adziwa.

Madzulo ena kunabwera mayi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu, munthu amene ndimamulemekeza mpaka lero. Sanagule kanthu. Anaima pafupi ndi kauntala n'kunena kuti, "Mwanangu, mapanga awiri avumbwitsa. Chotsani chinsalucho, anthu abwerera."

Ndinati, "Mayi, kwanu ku Zomba pakagwa maliro kapena pakakhala ukwati, mbuzi amazinga ndani?"

Anakhala kaye chete, kenako anati, "Timaitana Msilamu adzachinje."

"Chifukwa chiyani, Mayi?"

"Kuti aliyense adye."

Sindinaonjezere mawu. Iwo anaseka pang'ono, n'kunditcha wamakani ngati agogo anga, n'kumapita. Chinsalu sindinachotse. Ndinatenga pepala lalikulu la katoni n'kulembapo ndi dzanja langa kuti "Khirisimasi Yabwino, Yesu Wabadwa", n'kulimata pawindo pambali pa chinsalucho. Anthu ena anati ndagonja, ena anati ndikunyoza. Ine ndinangolemba zimene ndimakhulupirira pambali pa zimene ndimafunira aliyense wolowa pakhomo panga.

Pano mtima unazizira, ndipo ndimawamvetsa amene anandinyanyala, ngakhale sindigwirizana nawo. Tonse tikulera ana m'dziko la eni. Mwana amayamba kukuyankha m'Chingerezi, kenako amakana nsima, kenako Lamulungu amati watopa. Kholo limachita mantha, ndipo mantha amafuna pogwera. Target ndi Starbucks sungazipeze kuti uzikalipire, koma mayi wogulitsa ufa ali pompano. Chimene ndimakana n'chakuti mkangano wa Amereka tiutenge wathunthu ngati wathu. Kwathu Khirisimasi ndi holide, Eid ndi holidenso, ndipo ana a Chikhristu a ku Mangochi amadya mpunga wa Eid kwa anzawo popanda wowafunsa chikhulupiriro. Tinakwera ndege ndi khalidwe limenelo, sindikuona chifukwa cholisiyira pabwalo la ndege ku O'Hare.

Amene anatipulumutsa chaka chimenecho ndiwayamike mmodzimmodzi, ngakhale maina sinditchula poti ena sakonda. Achimwene athu a ku Mangochi amene amatichinjira mbuzi: inu munalengeza kumzikiti Lachisanu, ndipo Loweruka kunabwera abale a ku Somalia ndi ku Sudan n'kugula mbuzi zisanu ndi imodzi zimene zinalibe mwini. Simunalandire kalikonse, ngakhale mafuta a galimoto munakana. Banja la Mboni za Yehova la ku Elkhart, anthu amene sachita Khirisimasi n'komwe, munagula matumba awiri a mpunga amene ndikudziwa kuti simunkawafuna. Abusa opuma aja, amene munabwera ndi kolala yanu pa 23 Disembala n'kukhala pampando pafupi ndi khomo maola awiri mukumwa tiyi kuti aliyense wodutsa akuoneni, Mulungu akusungeni. Amayi a chipeleganyu, munandidumphitsa mzere n'kundipatsa ndalama ya Januwale imene inali ya wina. Ophunzira a ku Kenya ndi ku Zambia a pa yunivesite ya Notre Dame, amene munkabwera wapansi m'chisanu kudzagula ufa. Mwini nyumba, amene anadikira lendi masiku 20 osatitumizira kalata. Mwana wanga, amene analira usiku wonse poganiza kuti wagwetsa bizinesi ya makolo ake: lero ndi iyeyo amene amatisungira mabuku a ndalama pa kompyuta. Ndi bambo a kunyumba, amene nthawi yonseyo ankangoti, "Amayi, tsegulani sitolo, nthawi yakwana."

Ndiyamikenso amene munabwerera. Ambiri munabwerera mwakachetechete cha mu Malichi, wina n'kungoti, "Usipa ulipo?" ngati tinaonana dzulo. Sindinakufunseni kanthu ndipo sindidzakufunsani. Amene anajambula uthenga uja ndi amene anatiphikira thobwa pa chinkhoswe cha mwana wathu.

Kuyambira Julaye 2016 pawindo pathu pamakhala "Eid Mubarak" nthawi yake ikafika, Isitala timalemba "Wauka", ndipo Disembala chinsalu chofiira chija chimatuluka, chomwecho cha 2015, pamodzi ndi katoni yatsopano yolembedwa pamanja.

Chaka chino katundu wafika msanga. Tili ndi mpunga wa Kilombero, ufa woyera ndi mgaiwa, nyemba, nsinjiro zosinja tokha, usipa, utaka, chambo chouma, Nali, Sobo, tiyi wa Chombe, ndi zitenje zatsopano zoti mutumizire apongozi. Ofuna mbuzi, yathunthu kapena theka, lembetsani pasanafike pa 15 Disembala, ndipo zonse ndi zochinja. Pokondwerera zaka 10, aliyense wogula thumba lalikulu la mpunga mwezi uno tikumupatsa botolo la Nali laulere. Ku Mishawaka, Elkhart ndi Niles timabweretsa Loweruka. A ku Berrien Springs timakudziwani kuti Loweruka ndi Sabata, choncho galimoto yanu imabwera Lamulungu masana tikaweruka kutchalitchi. A ku Indianapolis sonkhanani mabanja asanu, bambo abwera nazo pakhomo.