Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ndinkaopseza anthu osaopa

Gawo lapita ndinalekezera pamene ndinazolowera poker ya pa intaneti, patebulo la anthu 6, pa timasenti tochepa tija. Ndinali wamantha. Wina akakweza beti flop (makhadi atatu oyamba oikidwa poyera patebulo) isanatuluke, ine ndinkakwezanso pokhapokha ndikagwira ma Ace awiri kapena ma King awiri. Anzanga sanachedwe kundidziwa. Ndikangokweza, onse makhadi pansi, ine n'kutola nyenyeswa.

Ndiye ndinamva za light 3-bet. Dzinali linandizunguza mutu, poti ine ndinkaona ngati ndi kukweza kwachiwiri. Kumeneko big blind, beti yokakamiza imene imaikidwa makhadi asanagawidwe, ndiye beti yoyamba, wokweza uja yachiwiri, iwe wokwezanso yachitatu. Akati light, ndiye kuti makhadi ako ndi osalimba kwenikweni, ukungofuna mnzako ataye ake.

Masamu ake ndinawalemba m'kope mpaka kuwaloweza. Wina wakweza kufika pa ma big blind 3, big blind ndi small blind (theka la big blind) akupanga 1.5, pakati pali 4.5. Ine ndikaika 9, ndaika 9 pachiswe kuti nditole 4.5. Kuti zindipindulire pomwepo, mnzanga azitaya makhadi kuposa kawiri pa katatu kalikonse. Makhadi amene ndinawakonda pa ntchitoyi ndi Ace ndi 5 a mtundu umodzi. Ace ali m'manja mwangamo amachepetsa njira zoti mnzanga akhale ndi ma Ace awiri kuchoka pa 6 kufika pa 3, ndipo za Ace ndi King kuchoka pa 16 kufika pa 12. Akanditsatira poika ndalama zofanana ndi zanga, ndikadali ndi mwayi wa flush (makhadi asanu a mtundu umodzi) yapamwamba kapena straight (makhadi asanu otsatizana) ya A-2-3-4-5.

Zonsezi n'zoona ndithu. Wopusa ndinali ine, chifukwa sindinafunse kuti kodi amene ndikumuopsezayo amaopa? Pa timasenti, anthu ambiri sabwera kudzataya makhadi. Abwera kudzaona flop basi. Panali wina wa chithunzi cha mphaka amene ankanditsatira ndi chilichonse, Jack ndi 8, King ndi 4, kaya chiyani. Flop ikatuluka ine ndilibe kanthu, mulu wa ndalama watupa kale, ndipo manyazi ankandikankha kuti ndibetchenso. Ndalama zimene ndinatolera pang'onopang'ono kwa miyezi zinasungunuka m'masabata ochepa. Ndinkatukwana tsoka, pomwe kope langa lomwe linali litanena kale: kawiri pa katatu. Wamphakayu sindikukumbuka kuti anatayapo.

Ndinayamba kulemba khalidwe la aliyense. Amene amakweza kawirikawiri ali pa cutoff kapena pa button, mipando iwiri yosewera kumapeto flop ikatuluka, koma n'kutaya akakumana ndi moto, amenewo ndiwo ndinawasungira Ace ndi 5 wanga, makamaka ndikakhala kuti ndisewera pambuyo pawo. Akataya flop isanatuluke, m'malo ambiri osewerera sadulaponso rake, kagawo kamene eni malo amatenga pa mulu wa ndalama, zomwe pa timasenti si nkhani yaing'ono. Wina akandibwezera 4-bet, kukwezanso pamwamba pa 3-bet yanga, ndinkataya osadandaula, poti kumeneko nthawi zambiri amakhala atagwira ma Queen awiri kupita m'mwamba, kapena Ace ndi King.

Kwa wamphaka uja ndinasiya zoopseza. Ndinkamukwezera ndi Ace ndi Queen, King ndi Queen, ma 10 awiri, makhadi amene kale ndinkangotsatira nawo mwakachetechete. Usiku wina ndili ndi Ace ndi Queen, flop inabwera ndi Ace. Ndinabetcha katatu, iye ananditsatira katatu konse. Atatembenuza makhadi, anali ndi Ace ndi 7.