Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Madzi m'mapapo a mayi

Paja gawo latha lija ndinakusiyani nditatseka benchi yanga ya kaunjika ku Tsoka kuti ndizisamalira mayi. Nde vuto lenileni linali usiku. Masana amacheza bwinobwino pakhonde kwathu ku Kawale, koma kungoti agone chagada basi phuma layamba, amadzuka thukuta lili kamukamu akutsokomola thovu lofiirira pang'ono, mpaka bedi analisiya nkumagona chokhala pampando. Miyendo nayo yotupa, ukadina ndi chala pamatsala kadzenje.

Achibale ena ankati asima, ena TB. Ku Central atawajambula anati ndi madzi m'mapapo, gwero lake mtima womwe unatopa ndi BP ya zaka zambiri.

Adokotala ena achitsikana anandikhazika pansi. Akuti achemwali, mbali yakumanzere ya mtima ikafooka magazi amathinana m'mitsempha ya m'mapapo, nde madzi amachucha nkudzaza timatumba ting'onoting'ono tomwe timalandira mpweya. Munthu akagona, madzi a m'miyendo aja amabwerera kuchifuwa, mimba nayo imakankha mapapo moti safufuma mokwanira. Koma chomwe chinandiwawa kwambiri abale nchakuti kukoka mpweya mwamphamvu komwe mayi ankalimbana nako kuja kumawonjezeranso vuto, chifukwa chifuwa chikamakoka zolimba chimayamwanso madzi ena kuchoka m'mitsempha, uku mtima ukulemedwa. Munthu akumenyera moyo wake koma madzi nkumachulukirabe.

Nchifukwa chake anawavala chimasiki cha CPAP, nzeru yake ndi yomwe ija amathandizira ana obadwa masiku asanakwane. Makinawo amakankha mpweya mosalekeza kuti timatumba tija tisamatane, ndipo magazi obwerera kumtima amachepako, mtima nkupumako. Mayi anachikana poyamba, ankachisolola akuti mwana wanga chikunditsamwitsa, ine kuwagwira dzanja nkumawanyengerera kuti amayi pirirani pang'ono chabe. Anawabayanso Lasix, mankhwala otulutsa madzi m'thupi kudzera mu mkodzo. Usiku umenewo ntchito yanga ngati gadiyani inali kuthamanga ndi beseni, mkodzo wake osati masewera, ndipo kukamacha milomo yomwe inada ija inali itabwerera mwakale.

Potuluka anatiuza kuti mapilitsi asadumphitse, mchere tichepetse, ndi soda yemwe wa m'therere, chomwe mayi sanagwirizane nacho ngakhale pang'ono. Za m'mene tinkapezera ndalama ya transipoti yopita ku kiliniki geni itaima, ndikuuzani gawo likubwerali.