Safunsa anadya nyambo

Ine ndine mwana wa kunyanja. Ndinabadwira ku Senga Bay ku Salima, bambo anga anali ndi bwato ndi chilimira, ndipo pamene ndinkayamba sitandade 1 n'kuti ndikudziwa kale kukola usipa pambedza. Ndayamba ndi mbiri imeneyi dala, kuti muone kutalika kwa mtengo umene ndinagwamo.

Zinachitikira ku Canada, m'chigawo cha Saskatchewan. Ndinapita ku Regina kukaphunzira, ndipo madzulo ndinkagwira ganyu pamalo ena osungira katundu. Kumeneko kunali mdala wina wandevu zoyera mbee, tizingoti a Ndevu. Munthuyo nkhani zake zinali nsomba basi. Ine nditamva choncho ndinati apa ndiye ndafika pakwathu, ndipo nthawi ya tiyi iliyonse ndinkawathira nkhani za nyanja ya Malawi. Kampango amene bambo anagwira mu 1998 ankakula sabata ndi sabata m'kamwa mwangamu, mpaka anafika msinkhu wa mwana wa ng'ombe.

Tsiku lina mu Febuluwale a Ndevu anati, "Ndiye poti ndiwe msodzi, Loweruka tikawedze limodzi."

Ndinasuzumira pawindo. Kunja kunali mbuu ndi chipale chofewa, magalimoto atakwiririka mpaka m'matayala. Ndinafunsa kuti tikawedza pati, poti madzi onse a m'dziko muno asanduka mwala.

"Tikaboola," anatero.

Lachisanu poweruka anandipatsa jumbo yolemera ndithu, yozizira. Anati akupita kukaonera mdzukulu wawo akusewera hockey, ndiye sangayende nayo. "Izi ndi za mawa. Ukaike mu firiji, m'munsi muja, kuti zifeweko pang'ono." Mawu ake anali amenewo ndendende, za mawa. Mpaka lero ndimaumirira kuti mlandu wonse uli pa mawu amenewa.

Nditafika kunyumba ndinang'amba pepala osaliyang'ana n'komwe, n'kukhuthulira m'beseni. Abale, zinali nsomba 12 zasiliva, zoonda, zotalika ngati chikhatho ndi zala zomwe, zooneka ngati usipa umene wakulira pakhomo pa anthu olemera. Kumeneko amazitchula kuti smelt. Mayi a kunyumba anabwera n'kuima pambali panga, manja m'chiuno, ndipo kwa kanthawi tonse tinangoti duu ngati tili m'tchalitchi. Tinali titatha miyezi isanu ndi itatu tikudya nsomba zopanda mutu, zopanda mchira, zodulidwa makona anayi ngati sopo.

"Koma azungu ena aulemu," anatero mayi. "Ndiye kamba wa mawa ameneyu?"

Ndinati eya. Nanga n'chiyaninso china?

Nzeru zathu zinayenda motere: panyanja youma palibe nkhuni, choncho ndi bwino kukazingiratu usiku womwewo. Mayi anazitumbula, mafuta anayamba kulira, anyezi ndi tomato zinatsatira. Ndinalawa imodzi kuti ndimve mchere. Mcherewo unali wambiri zedi, koma tinagwirizana kuti ndi mmene amasungira kuno. Kenako mayi anati nsomba yotere kuidya yopanda nsima ndi tchimo, ndipo mphika unakwera pamoto. Pamene tinkasamba m'manja n'kuti zitatsala zinayi. Zimenezo tinaziika bwinobwino m'kontena, msuzi pamwamba, kuti a Ndevu akaone kuti nafenso tinaleredwa.

M'mamawa anandinyamula pa galimoto yawo ya bokosi kumbuyo. Last Mountain Lake ili kumpoto kwa Regina, ulendo wosakwana ola limodzi, ndipo ndi nyanja yopyapyala koma yaitali makilomita oposa 90. Ine ndinkayembekezera kuti tiima pagombe. Ayi ndithu. Munthu uja anangotsetsereka n'kulowa panyanja ndi galimoto yonse, kwinaku akumasula lamba ndi kutsitsa galasi pang'ono. Ndinafunsa chifukwa chake, poti kunja kunkazizira madigiri 22 kunsi kwa ziro.

"Kuti zikavuta tituluke msanga."

Anandilimbitsa mtima kuti ayisi wa masentimita 10 amanyamula munthu, wa 30 amanyamula galimoto yaing'ono, ndipo wa tsiku limenelo anaposa 60. Ndinagwedeza mutu, koma dzanja linali pa chitseko. Pansi pathu pankamveka kulira kwina, guu, guu, ngati mabingu a kutali. Iwo anati ayisi akalira choncho ndiye kuti akukhwima. Ine ndinayamba Atate Wathu chamumtima ndipo ndinabwereza katatu.

Tinaima pafupi ndi kagombe kena kamene m'chilimwe kamakhala ndi udzu wa m'madzi. Anatulutsa chiboolero cha injini, chachikulu ngati mtondo, n'kuboola mabowo anayi, poti lamulo limalola zingwe ziwiri munthu aliyense. Bowo lililonse linali ngati pakamwa pa ndowa yaing'ono, madzi akuda bii m'kati mwake. Kenako anatulutsa timisampha timene amati tip-up. Ndi kathabwa kamene umakagoneka pabowo, pansi pake pali gudumu la chingwe lolowa m'madzi kuti lisaume, pamwamba pali kambendera kofiira kopindidwira pansi. Nsomba ikakoka, gudumu limazungulira, kambendera kamadzuka. Ntchito ya msodzi ndi kuima poteropo n'kumazizidwa.

Nsomba imene tinkafuna ndi pike, koma anthu a kumeneko amangoti jack. A Ndevu anandionetsa chithunzi pafoni: thupi lalitali ngati la mcheni, lobiriwira ndi mawanga oyera, pakamwa pophwatalala ngati pa bakha, mano ngati ng'ona. Anati m'nyengo yozizira chilombochi chimachita ulesi. M'malo mothamangitsa tinsomba tamoyo, chimayendayenda m'mbali mwa udzu kutola zimene zafa zokha, ndipo nsomba yamafuta ngati smelt kapena herring chimainunkhiza patali. Komanso ku Saskatchewan kuwedza ndi kansomba kamoyo n'koletsedwa, kuopa kufalitsa matenda ndi mitundu yachilendo m'nyanja zawo. Anandionetsa mbedza ziwiri za mano atatuatatu zomangidwa pa waya, chifukwa chingwe wamba jack amangochidula. Ina umakola pamsana, ina chakumchira, kuti nyambo igone chopingasa ngati nsomba imene yangofa kumene. Ukaiboola pamimba mpweya umatuluka, ndipo imamira bwino.

Ine ndinkangoti "eee, eee," ngati katswiri amene akumva zimene akudziwa kale. Ndinafika powauza kuti kwathunso mcheni ndi kampango timawedza ndi usipa wakufa. Taonani, ndinanena ndekha ndi pakamwa panga, koma mutu sunalumikize kanthu.

"Chabwino," anatero a Ndevu akupukuta m'manja. "Bweretsa nyambo ija."

"Nyambo iti?"

"Ija ndinakupatsa dzulo."

Pali kachetechete wina amene sindidzamuiwala. Mphepo inaleka. Ndinayenda pang'onopang'ono kupita kugalimoto, n'kubwera ndi kontena, n'kuitsekula ndi manja awiri mwaulemu. Nsomba zinayi zinali gone mumsuzi wa tomato umene unali utayamba kale kuuma, kagawo ka anyezi kali pamwamba.

A Ndevu anayang'ana kontena, anayang'ana ine, anayang'ananso kontena.

"Zina zili kuti?"

Ndinaloza pamimba.

Mdala uja anakhala pansi pa ayisi. Anaseka mpaka misozi inaumira m'ndevu. Atapezako mpweya anakuwira anzake awiri amene anali m'kanyumba kawo kowedzeramo chapatali, ndipo iwo anabwera akuthamanga poganiza kuti wina wagwera m'madzi. Kontena inayenda dzanja ndi dzanja. Mmodzi anainunkhiza n'kunena kuti kunena zoona ikununkhira bwino. Winayo ndi amene anafunsa funso loipa.

"Koma pepala lake munawerenga?"

Ndinavula gulovu n'kuimbira mayi kuti akafufuze m'bini. Ndinamva mapepala akulira, kenako zii.

"Bambo a mwana, palembedwa kuti nyambo yokha. Yosayenera kudyedwa ndi anthu."

"Zilembo zake zazing'ono?"

"Zazikulu. Zofiira." Anapuma pang'ono. "Paja akulu anati safunsa anadya phula. Inu mwadya nyambo, mwadyetsanso ine."

Mpaka nthawi imeneyo m'mimba mwanga munali mtendere. Koma mimba ili ndi makutu. Itangomva mawu aja inayamba kubangula, kuposa ayisi uja. Ndinayang'ana kum'mawa, kumadzulo, konse kunali see, koyera, kopanda mtengo, kopanda chulu, kopanda ngakhale kachitsamba koti mbuzi n'kubisalapo. Kwathu zikavuta umangoti ndikaone kaye kuseriku. Panyanja youma kulibe kuseri. Ndipo ndinali nditavala mathalauza atatu, majuzi awiri, jekete, ndi ovolosi yobwereka ya malamba a m'mapewa, imene kuti uivule uyenera kuyamba wavula jekete.

A Ndevu, Mulungu awadalitse, sananene kanthu. Anangotambasula katenti kawo, n'kundipatsa ndowa ndi jumbo.

Ndili m'katimo iwo anathetsa vuto la nyambo. Anali atabweretsa masoseji oti tiwotche masana, ndipo anakola imodziimodzi pa mbedza zonse. Anandiuza kudzera pansalu ya tenti kuti jack akakhala ndi njala sasankha, ndipo alipo anthu amene amawedza ndi soseji mwadala. Ndiye zinthu zinatembenuka motere: ine ndadya chakudya cha nsomba, nsomba zikudya chakudya changa.

Sipanapite mphindi zambiri.

"Mbendera! Yako! Mbendera!"

Ndinatuluka m'tenti malamba a ovolosi akukwekwereka kumbuyo, jekete ili kudzanja limodzi. Masitepe atatu oyamba anayenda bwino. Lachinayi linaponda pamene mphepo inasesa chipale chofewa, ndipo ndinaona nsapato zanga zonse ziwiri zili kumwamba. Mtunda wotsalawo ndinaumaliza chagada, ndipo ndinafika pabowo mofulumira kuposa mmene ndikanathamangira.

Gudumu linkazungulira. Ndinachotsa kathabwa, ndinagwira chingwe ndi manja, ndinakoka kamodzi mwamphamvu. Pamenepo, kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, ndinamva kuti ndili kwathu. Kulemera kuja, kugwedeza mutu kuja, zala zimazidziwa. Ikathawa ndinkaisiyira chingwe, ikatopa ndinkakoka. A Ndevu analeka kuseka, anagwada pambali panga. Katatu konse inafika pansi pa bowo n'kubwerera. Kachinayi mutu unalowa m'bowo, wobiriwira, diso lachikasu likundiyang'ana mwamwano, soseji ili pambali pakamwa ngati ndudu.

A Ndevu anayamba kunena kuti zala zilowe pansi pa chivindikiro cha makha, mosamala. Ine sindinadikire. Mwana wa kunyanja sauzidwa kagwiridwe ka nsomba. Ndinalowetsa chala chachikulu m'kamwa mwake kuti ndiigwire mlomo wa m'munsi.

Mano a jack alipo mazanamazana, ndipo a kumwamba anapendekera m'kati, kuti chimene chalowa chisatuluke. Ndinakuwa mawu ena a Chichewa amene sindingawalembe pano, ndipo ndikukhulupirira kuti nyanja imeneyo inali isanawamvepo. Nsomba inatuluka m'bowo ndithu, koma anthu amene analipo amatsutsana mpaka lero kuti anagwira mnzake ndani. A Ndevu anachita kuitsekula pakamwa ndi chitsulo chokanulira. Pa ayisi panali madontho ofiira ngati tapha nkhuku.

Koma inali nsomba! Anaiyeza, inakwana masentimita 94, mimba yake yonenepa. Ululu wonse unatha. M'mutu mwanga ndinali nditaigawa kale: mutu wa msuzi, pakati pokazinga, kumchira kowamba mu uvuni, chithunzi kwa achimwene ku Salima. Anandijambula nditainyamula, chala chitakulungidwa m'mpango.

Kenako a Ndevu anaitenga m'manja mwanga mwaulemu, anagwada, anailowetsa mutu m'bowo, anaigwira kumchira kwa kanthawi, n'kuisiya.

Ndinayang'ana madzi akuda aja akutsekeka.

"Yaikulu choncho ndi yaikazi," anatero. "Yadzaza mazira. Ayisi akangosungunuka ikaikira m'udzu muja. Timadya zazing'ono."

Zazing'onozo sizinabwere. Tinakhala mpaka dzuwa kupendeka, mbendera zonse zili gone, masoseji atatha, ine ndikuyenda ulendo wa kutenti kawirinso. Nsomba zinayi zokazinga zija palibe anazikhudza, ndipo zinauma gwa mumsuzi wake ngati njerwa.

Ndinalowa m'nyumba usiku, chala chili ndi bandeji, m'manja muli kontena yokha. Mayi anali pampando atafunda bulangete, kapu ya madzi a mchere ndi shuga ili pambali. Anayang'ana manja anga.

"Nsomba zili kuti?"

Ndinawaonetsa chithunzi. Anachikulitsa ndi zala, anachiyang'anitsitsa, ndipo ndinafotokoza za mazira. Sanayankhe. Anatenga kontena ija, anaitsekula, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuitsekanso monyinyirika.

"Lolemba mukawafunse a Ndevuwo," anatero. "Mwina ziliko zina za mtundu womwewu zimene sanalembepo kanthu."