Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Chaka chosinja miyala

M'gawo lapita ndinalekezera pomwe ndinalowa chaka chomaliza cha maphunziro a chemistry ku Chanco, koleji ya yunivesite ku Zomba. Itakwana nthawi yosankha mutu wa kafukufuku, anzanga ambiri anathamangira ku organic chemistry, kofufuza mankhwala a m'zitsamba. Ine ndinalowera ku inorganic, kwa zitsulo, miyala ndi michere ya m'nthaka. Mitu yokopa inalipo: miyala ya rare earth (zitsulo zapadera zogwiritsidwa ntchito m'zipangizo zamagetsi) ya ku Kangankunde ku Balaka ndi kuphiri la Songwe ku Phalombe, kapena uranium wa ku Kayelekera. Koma mitu yotereyi ndi ya akuluakulu a PhD.

Ndinatenga fluoride, mchere wa m'miyala womwe umapezeka m'madzi ena akumwa. Amene anakulira kwathu ku Nathenje amawadziwa mano ofiirira aja, omwe ngakhale utawatsuka ndi mchenga sayera. Anthu amayesa ndi uve, chikhalirecho vuto ndi madzi a pamjigo. Madziwo akamadutsa m'miyala pansi pa nthaka amasungunula fluoride, ndipo fluoride ameneyu akachuluka amalowa m'mano a mwana pomwe manowo akupangika. Bungwe la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi. Kuwiritsa sikumuchotsa, klorini nayenso amangopha tizilombo basi.

Ntchito yanga inali yoyesa bauxite, mwala womwe umapezeka paphiri la Mulanje cha ku Lichenya. Muli aluminiyamu, ndipo aluminiyamu akakumana ndi fluoride amagwirana zolimba. Ndinkasinja, kusefa, kuotcha m'ng'anjo, kenako kuthira ufawo m'madzi ndi kuyeza fluoride wotsala. Mayi atamva anangogwira pakamwa: "Mwanawe, fizi yonse ija ukukasinjira miyala? Mtondotu tili nawo pakhomo pano."

Fluoride ankatsikadi, koma nkhani siithera pamenepo. Madzi akakhala ndi asidi wambiri, aluminiyamu yemwe uja amasungunukiramo, ndiye wachotsa chimodzi n'kuikamo china. Nthawi zinanso madziwo ankatuluka ofiira, oti munthu waludzu angawayang'ane kawiri. Makala a mafupa a ng'ombe amagwiranso bwino ntchitoyi, poti fupa ndi dzino n'zopangidwa ndi mchere umodzi wokoka fluoride, kungoti si aliyense angalole kumwa madzi odutsa m'mafupa.

Ndili mkati molimbana ndi madzi ofiirawa, kunyumba kunachokera uthenga woti bambo agonekedwa m'chipatala. Za ulendo umenewo tidzakamba m'gawo 18.