Quiche wa masamba wopanda mtanda pansi

Quiche ndi chakudya chochokera ku France: mazira ndi mkaka zophikidwa mu uvuni pamwamba pa mtanda wa fulawa ndi batala. Ine mtandawo ndimausiya, poti ndi umene umachulutsa mafuta. Koma ukachoka, mazirawo ayenera kuima paokha, ndipo masamba akakhala ndi madzi sangaime. Ntchito yaikulu ili pamenepo.

Pa mbale yophikira ya masentimita 23 ndimatenga mazira 6, mkaka wa fuleshi mamililita 250, tchizi cha cheddar magalamu 100, anyezi mmodzi, tsabola wobiriwira mmodzi, adyo pang'ono ndi mipukutu iwiri ya sipinachi. Ku msika wa Limbe sipinachi akasowa ndimagula bonongwe, ndipo kunena zoona ndiye amakoma kuposa. Repu amafuna kumuchotsa timitengo take. Soda ayi, musathire. Masamba amasanduka phala.

Ndimayatsa uvuni pa 180°C, n'kupaka mafuta m'mbale mpaka m'mbali, chifukwa dzira likakakamira silichoka bwino. Kenako ndimakazinga anyezi ndi tsabola pa supuni imodzi ya mafuta kwa mphindi 5, adyo kumapeto kuti asapserere. Masamba oduladula ndimawaika m'chiwaya chomwecho mpaka afote, mphindi zitatu basi, n'kuwakhuthulira m'sefa. Akazizira ndimawafinya ndi manja ngati ndikufinya nsalu yochapa. Mudzadabwa: mipukutu iwiri ija imatsala kampira kokwana m'dzanja, madzi obiriwira ali chuu m'mbale. Madzi amenewo akanalowa m'mazira, pansi pa quiche pakanakhala thamanda. Mukafuna kuwonjezera bowa wa dzinja, nayenso amafuna kukazingidwa payekha mpaka madzi ake aphwe. Tomato sindimusakaniza m'kati. Ndimamudula mopyapyala, n'kuchotsa njere, n'kumuyala pamwamba.

Mazira ndimawapukusa ndi foloko pamodzi ndi mkaka, theka la tiyisupuni ya mchere ndi tsabola wakuda. Angosakanikirana, osafika pochita thovu, chifukwa mpweya ukachuluka quiche amafufuma kenako n'kuphwa pakati. Mchere ndimachepetsa dala, tchizi chili ndi wake kale. Masamba ndimayala m'mbale, tchizi chopala pamwamba pake, mazira n'kuthira pomaliza.

Pa shelefu yapakati amatenga mphindi 35 mpaka 40. Ndimayamba kusuzumira pa mphindi 30: m'mbali mukhale mutalimba, pakati pazinjenjemera pang'ono mukagwedeza mbale, mpeni mukaubaya pafupi ndi pakati uzituluka woyera. Ambiri amalakwitsa apa. Amadikira kuti paliponse palimbe gwa, koma dzira likapsa mopitirira limakhwinyata n'kulavula madzi, ndipo limatafunika ngati mphira. Kutentha kwa mbale kumamaliza kokha, choncho ndimamusiya mphindi 10 ndisanadule.

Magetsi akathima, mbaula imagwira ntchito monga timachitira ndi chigumu. Ndimathira zonse m'poto wokhuthala wopaka mafuta, pansi makala ochepa okwiriridwa ndi phulusa, ochuluka pa chivundikiro. Moto wapansi ukakula, pansi pamapserera pakati pasanapse, ndiye ndimazunguza poto mphindi 10 zilizonse.

Amatuluka magawo 6. Wotsala amakhala m'firiji masiku atatu ali wovundikira, ndipo pofunditsa moto ukhale wochepa kuti asatulutsenso madzi.