Zigubu 12 za mafuta

Kope lija ndikadali nalo. Ndi la ana asukulu, ndipo tsamba la Novembala 2023 linachita kuda ndi zala, poti ndi lomwe tinkalozerana ine ndi alamu anga, akazi a achimwene, tsiku limene tinayambana.

Okala yathu inali pa Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza. Mpamba tinasonkha mofanana: alamu anagulitsa nandolo, ine ndinabwereka ku banki mkhonde. Pangano linali lapakamwa, loti mwezi ukatha tiziwerengera, zotsala pamwamba pa mpamba tizigawana pakati. Ine ndinkakwera minibasi kukaoda ku Limbe, iwo ankakhala pa okala kupimira anthu mafuta ophikira, kugulitsa shuga, sopo ndi mchere. Ngakhale namondwe wa Freddy atawononga midzi ndi misewu kuno mu Malichi, tinapirira limodzi osanenana kanthu.

Kenako banki yaikulu inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti. Dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ife n'kuti titangooda kumene zigubu 12 za mafuta, za malita 20, pamtengo wakale. Tinakweza mtengo ngati anzathu onse pamsika, mafuta n'kutha.

Pakutha pa mwezi alamu anayala ndalama pamphasa, anapatula mpamba monga unalembedwera m'kope, zotsalazo anaziunjika milu iwiri. Milu yake inali yaikulu kuposa mwezi wina uliwonse.

"Tengani zanu, alamu."

Sindinatenge. "Alamu, mpamba wathu si nambala ili m'kopeyi. Mpamba wathu ndi zigubu 12. Ndaimba foni ku Limbe; ndi ndalama mwapatulazo ndibwerako ndi zigubu 8 zokha. Tikagawana izi, tikudya okala."

"Ndiye phindu palibe? Nanga izi ndi masamba a tiyi?" Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Kapena mukufuna mukazidyere panjira ya ku Limbe?"

Mawu amenewo anandilasa mtima. Koma ndikakhala pansi lero ndimaona pomwe anachokera. Ku Limbe ndinkapita ndekha. Ya minibasi, ya katundu, ya anyamata onyamula zigubu, ya nsima ya masana, zonse ndinkazilemba mzere umodzi: "ulendo". Malisiti a ku holoselo ndinkangowataya. Sindinabepo ngakhale K100, koma ndinalibe choonetsa. Komanso mvula inali itayandikira, iwo ankafuna feteleza ndi fizi ya mwana wa Fomu 3. Munthu wotere ukamuuza kuti ndalama akuziona ndi maso si zake, angamve bwanji?

Ine m'malo mougwira mtima ndinatsegula tsamba la ngongole. Alamu ankakongoza amayi othyola tiyi kuti adzapereke akalandira, ndipo ena sankawalemba n'komwe. Ndinawerenga maina mokweza, ana akumva. Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka pano.

Achimwene analephera kutiweruza. Kuno mlongo, uko mkazi. Anatithandiza ndi mayi wina wachikulire wa ku banki mkhonde. Anatola zitsekerero za mabotolo 12, anaziika pamphasa, n'kuchotsapo zinayi. "Izi mukufuna kugawana ndi izi," anatero. Alamu anamvetsa, ndinawaona pankhope. Komabe anati feteleza sangadikire, ndipo apo sindikanawatsutsa.

Tinagawana. Mu Januwale tinasiyana: iwo anatenga sikelo ndi mashelefu, ine zigubu zomwe zinatsala. Masiku ano ali ndi benchi yawo kumunsi kwa msika. Pamaliro timaphika limodzi, kutchalitchi timapatsana moni, koma za bizinesi sititchula.

Sabata yatha anatuma mwana wawo uja kudzafunsa kuti chigubu chafika pa zingati ku Limbe. Ndinalemba mtengo pakapepala, ndinapindira lisiti mkati, n'kumupatsa kuti akawapatse amayi ake.